Mchombo wa Takondwa ndi Nyenyezi ya Mchira

Takondwa, tatsitsa kaye chifoni chakocho. Iwenso Limbani, chotsa zam'makutuzo, makutu ako apumeko mpweya. Ndamva kuti kusukulu akupatsa ntchito yolemba za nyenyezi ya mchira, ija anthu anaitumizira makina kuti akatere pamsana pake, ndipo ukudikira bambo ako abwere kuntchito kuti akuuze. Nanga ine mukundiona ngati mpando wa m'nyumba muno? Tsiku limene kamakinako kanatera ine ndinalipo. Ayi Limbani, sindikunena kuti ndinali kumwambako, usandiseke. Ndinali m'khitchini momwemu, nditatembenukira uvuni, ndipo m'chiuno mwanga munali mfundo imene inkandisowetsa mtendere. Khalani pansi apa, nkhaniyi ndi yanu, makamaka iwe Takondwa.

Koma ndiyambe ndi nyenyezi yanga, poti inu zonse mumaonera pagalasi, ine yanga ndinaiona ndi maso awiriwa. Ndinali kamtsikana, ndisanathe msinkhu, kwathu kuseri kwa mapiri a ku Dedza. Masiku amenewo ufa tinkasinja mumtondo, manja mpaka matuza, koma kukakhala ukwati m'mudzi tinkasenza mphale kupita kuchigayo, ndipo chigayo chinali chimodzi dera lonselo. Tinkanyamuka mbandakucha kuti dzuwa litipeze titawoloka dambo. Dengu pamutu, nkhata ya nsanza pansi pake, chigumu chokulunga m'tsamba la nthochi m'manja. Chigumu, Limbani, ndi keke ya anthu amene alibe shuga wotaya, ndipo ukadya chidutswa chimodzi njala imakuiwala mpaka masana, osati timabisiketi tanuti timene mumadya mukulirabe njala.

Tsiku limenelo ndinali ndi azakhali anga ndi amayi ena a m'mudzi. Inali nyengo yotentha, anthu atasosa kale m'minda, mpweya ukununkha utsi wa mapesi. Titatulukira pamtunda, amene anali patsogolo anangoima chilili. Kum'mawa, pamwamba pa phiri, panali nyenyezi yokoka mchira woyera, wautali, ngati kuti munthu wadutsa kumwambako atasenza thumba la ufa lobooka. Sinkathamanga, sinkaphethira, inangokhala phee.

"Usailoze ndi chala, iwe!" anatero azakhali, akundimenya padzanja. "Ameneyo ndi mlendo, akungodutsa. Kodi mlendo umamuloza?"

Amayi aja anayamba kukangana chapansipansi, wina akuti kugwa njala, wina akuti kumwalira munthu wamkulu. Ine mantha analibe malo, mutu wanga unali kwina. Ndinkadzifunsa kuti kodi kumeneko kuli dothi? Ngati liliko, ndi lofiira ngati la kwathu kapena ndi lamchenga? Munthu atadzala nandolo angamere? Ndinayenda njira yonse maso ali kumwamba, phazi likupunthwa pamiyala, mphale ikutayika, mpaka dzuwa linatuluka n'kuifufuta. Kuchigayo ndinafika ndi dengu loperewera, ndipo mbama ndinailandira, koma sinandipweteke kwenikweni.

Zaka zinapita monga zimapitira. Ndinakwatiwa, ndinabereka, ena ndinawaika m'manda, agogo anu aamuna nawonso anatsogola. Amene anatsala n'kukula ndi amayi anuwa, Tiyanjane. Ataphunzira unamwino n'kupeza mwayi wobwera kuno kutsidya la nyanja, ndinawaperekeza mpaka ku bwalo la ndege ku Lilongwe, ndipo mawu anga omaliza anali akuti, "Ukagwire ntchito, ukatole zotola, ubwere." Ndinawasungira malo pafupi ndi nyumba yanga, ndinaumbitsa ndi njerwa zomwe. Mvula inkabwera, njerwa zija n'kumera ndere, ine n'kumazipala. Mumtima mwanga amayi anu anali munthu amene wangopita kuchigayo.

Kenaka foni inabwera yakuti ali ndi pakati, ndibwere ndidzawathandize chikuta. Za ndege sindikambako, ndinangotseka maso n'kumuuza Mulungu kuti zonse zili m'manja mwake. Ndinafika kuno ku Laurel mitengo ikuyoyola masamba ofiira ndi achikasu, ine n'kumaganiza kuti yagwidwa matenda. Nyumba ndi yomweyi, pamwamba pa mabanja ena awiri. Kutuluka pakhomo, kapeti. Kutsika masitepe, simenti. Kulowa m'galimoto, phula. Kutchalitchi ku Lanham, simenti ina. Ine munthu wokulira m'munda ndinatha masabata osaponda dothi, osalikhudza n'komwe ndi chala, ndipo mapazi anga ankangomva kuti akadali m'ndege.

Kwathu mwana akabadwa, iye ndi mayi ake amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utauma n'kugwa. Chimenecho ndicho chikuta, ndipo mwamuna sapondamo. Kuno ndinamva kuti bambo anu analowa mpaka m'chipinda chochirira, anamwino n'kuwapatsa sizasi kuti adule okha mchombo. Nditamva ndinakhala pansi, ndinapempha madzi. Ndiye panalinso vuto lina. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala mphasa imodzi, sadyera limodzi, sayang'anana m'maso. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Tsono m'kanjira aka kochokera kuchipinda kupita kukhitchini, tchire lake lili kuti? Ine ndinkapatukira m'bafa. Bambo anu, poti ndi a ku Chipata ngakhale anakulira ku Lusaka, mwambo ankaudziwa, ndiye iwo ankathawira pakhonde, n'kumanjenjemera kumeneko ndi kapu ya tiyi. Musaseke, unali ulemu umenewo, ndipo mpaka lero sindinaonepo mkamwini waulemu kuposa bambo anu.

Amene anatipulumutsa ndiwe, Takondwa, uli ndi masiku owerengeka. Bambo ako akafuna kundiuza kanthu ankayang'ana iwe. "Takondwa, uza ambuya ati tiyi ili ready." Ine n'kuyankha ndikuyang'ana iwe yemweyo, "Takondwa, uwathokoze bambo ako." Unali mtumiki wathu usanadziwe n'komwe kuti uli ndi makutu.

Mchombo wako ndinkaulonda kwambiri, chifukwa suyenera kugwera paliponse, ndipo zifukwa zake ndidzakuuza ukatha msinkhu, pano pali Limbani. Unagwa m'mawa wina ndikukusintha thewera. Kanthu kakang'ono, kouma, kakuda, kosaposa nyemba imodzi. Ndinakatola ndi manja awiri n'kuitana amayi ako.

"Tiyanjane, wagwa. Tikaukwirira kuti?"

"Amayi, just throw it away. Kuchipatala timangotaya mu trash."

"Mu chiyani?"

"Mu bini, amayi. It's just dry skin. Ndatopa, please."

Sindinawakalipire, munthu anali asanagone bwino masiku angapo. Koma mumtima ndinalira. Kwathu mchombo sautaya ngati khoko la nthochi. Amayi aakulu amakaukwirira mwakachetechete pakhomo, pamalo amene sauza munthu, ndipo pamene wakwiriridwapo ndiye kwawo kwa mwanayo. Angapite ku Joni, angapite kutsidya la nyanja, mtima wake umadziwa kumene unatsala. Ndinang'amba kansalu koyera, ndinaukulunga, n'kuumanga mfundo pakona ya chitenje changa.

Tsiku lomwelo ndinaimbira mlongo wanga, agogo anu a Lufeyo. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, kutanthauza kuti ana anga ndi zidzukulu zanga zonse woziyang'anira anali iwo, kuposa ndi abambo awo omwe. Anandimvetsera mpaka kumaliza, mbuzi zikulira kumbuyo kwawo.

"Achemwali," anatero, "malo enieni sindiwadziwa, zimenezo ndi za inu amayi. Koma ndikudziwa kuti wa amayi athu uli m'mudzi muno, wanu uli muno, wa Tiyanjane uli muno. Wa mwanayo usakagone m'dziko la eni. Mubwere nawo."

"Ndamva, achimwene. Ndibwera nawo."

Ndinalonjeza ndi mtima wonse. Viza yanga inali ya miyezi yochepa, ndipo ndinati ikatha, mchombo ukwera nane ndege. Ndinkaganiza kuti ukakafika ku Dedza, tsiku lina udzakukoka iwe, iwe n'kukoka amayi ako, njerwa zanga zija n'kusanduka nyumba.

Patangopita masiku ochepa, bambo anu anadzuka ali jijirijijiri. Kuntchito anali atawapatsa tchuthi cha mwana, koma tsiku limenelo mtima wawo unali pa TV. Analumikiza kompyuta yawo, n'kukhala pamphepete pa mpando, iwe uli pachifuwa pawo. Ine pabalaza sindikanakhala, poti iwo analipo. Ndinakakhala pakampando m'khitchini nditawafulatira, ndikudula masamba. Ndiye ndinazindikira kuti galasi lakuda la uvuni linkaonetsa TV yonse, ngakhale mwachimbuuzi. Ndinaonera zonse mmenemo, mwambo osauphwanya.

Munali azungu a ku Ulaya atadzaza chipinda, nkhope zili gwa, wina akudya zikhadabo. Kenaka anaonetsa chimwala chakuda, chokumbikakumbika, chooneka ngati bakha wogona.

"Takondwa," anatero bambo anu, mokweza kuposa mmene khanda limafunira, "uza ambuya ati iyi ni comet, nyenyezi ya mchila. Ba scientist banatuma machine ten years ago, yenze kuipilikisa chabe. Manje lelo yatulusa kamwana kake kuti kankale pamwamba."

Mpeni unandigwa m'manja. "Takondwa, tawafunsa bambo ako, ndi yomwe ija ndinaiona ine ndili mwana, yoyera mbee? Nanga bwanji iyi ili yakuda ngati khala?"

"Uza ambuya ati iyi ni mubale wake. Zonse ni ice na dust. Ikafika pafupi na zuba, ice isungunuka, ndiye mchila uja. Kamachine aka kafuna kugwila pansi, kanunkhize, kakumbe, tizibe kuti ground yake ni ya bwanji."

Ana inu, tamvani. Funso limene ndinalisenza ndili kamtsikana pansi pa dengu, anthu ena kutsidya kwa dziko analisenzanso, mpaka kupanga makina oti akafunse. Kamwanako akuti kukula kwake kanali kofanana ndi makina ochapira zovala, ka miyendo itatu. Chimayi chake chinangokasiya, ndipo kanayamba kutsika. Sikanagwe mwamsanga ayi, poti nyenyeziyo ilibe mphamvu zokoka zinthu zimene dziko lathuli lili nazo. Kankatsika pang'onopang'ono, kuyambira ife tisanadzuke mpaka dzuwa kukwera, ngati nthenga ya nkhuku pa tsiku lopanda mphepo. Ndili pakampando paja ndinatseka maso, ndipo ndinkamva kuti ndine ndikutsika, miyendo ili lendee, pansi pakubwera koma osafika, kulibe mphepo, kulibe tambala, kulibe wondiyankha odi. Dzanja langa linali pamfundo ija.

Bambo anu anakuuzanso kuti undiuze kuti kumeneko n'kutali kwambiri, moti uthenga umachedwa panjira, ndipo zimene azunguwo ankadikira kumva zinali zitachitika kale. Zimenezo sizinandidabwitse ine. Inu mumakwiya mnzanu akachedwa kuyankha pafoni mpweya umodzi. Ife amalume athu ali kumigodi ku Joni, tinkamva za iwo kwa munthu wobwerako, atatsika basi ndi bokosi lake lachitsulo, fumbi lili m'nsidze. Akati, "Ndinawasiya ali bwino," tinkaphika thobwa n'kusangalala, chonsecho mawuwo ayenda milungu panjira, ndipo mwini wake mwina tsiku limenelo ali chigonere. Tinazolowera kukondwera ndi nkhani yakale.

Chakumasana azungu aja analumpha, kukumbatirana, ena kulira. Bambo anu anakuwa mpaka iwe unadzidzimuka. Ine ndinaimba nthungululu m'khitchini, amayi anu n'kutuluka kuchipinda akuti tiwaitanira apolisi. Koma pofika mawa lake nkhope zija zinali zitagwanso. Kamakinako kanali ndi mikondo yoti ilase pansi n'kukagwiriza, ndipo mikondoyo sinatuluke. Kanangogunda pansi n'kunjanja, kuuluka, kugundanso, n'kukagwera kutali m'mphako ya thanthwe, mwendo umodzi uli m'mwamba, kumene dzuwa silifika bwino. Poti kankadya dzuwa, anati batire yake ikatha kagona.

Ndinamva chisoni, mtima kuwawa ndithu. Ndinafunsa ndili pakampando panga pomwe paja, "Takondwa, tawafunsa bambo ako, nanga kakamaliza ntchito, akakatenga liti kubwera nako kwawo?"

Bambo anu anayankha motsitsa, "Uza ambuya ati sikazabwela. Banakatuma bakuziba kuti ni one way. Kazankala kwamene kuja, kazayenda na nyenyezi yake."

Ntchito imene inali m'manja ndinaisiya. Anthu amenewa anakalera zaka zonsezo, anakatumiza akudziwa kuti sikadzabwerera, ndipo tsiku limene kanafika anavina. Ine mwana wanga ndinamutumiza ndi mawu akuti ubwere, ndipo chaka chilichonse chimene ankakhazikika kuno ine ndinkachiyesa chaka chotayika. Ndinayang'ana m'galasi muja n'kuona amayi anu ataima kumbuyo kwa bambo anu, dzanja lili paphewa pawo, akuyang'ana iwe. Sankaoneka kuti ndi munthu amene ali paulendo.

Kamakinako kanagwira ntchito masiku angapo mumthunzi momwemo. Kananunkhiza, kanajambula, kanayesa kukhoma pansi ndi kanyundo kake. Uthenga unandipeza kudzera mwa iwe kuti pamwamba panali fumbi lofewa, koma pansi pake polimba zedi, kanyundo mpaka kulephera. Kenaka kanagona, ndipo kuno kuzizira kunafika kwenikweni.

Miyezi imeneyo ndinkakhala pawindo ili, iwe uli kumsana, sinowo ikutsika mwaulesi. Mfundo ndinkaisamutsa, ndikachapa chitenje ichi ndiimangire pa icho. Kutchalitchi ndinafunsako amayi anzanga monong'ona. Wina anati mchombo wa mwana wake anautumiza ndi munthu wopita kumudzi, munthuyo n'kuusoweza ndi sutikesi yomwe panjira. Wina, wa ku Zambia, anati wake uli m'kabotolo ka mafuta odzola pamwamba pa firiji, mwini wake ali ku koleji. Tinaseka mpaka misozi, koma pobwerera m'galimoto ndinkaganiza za kamchombo kokhala zaka zonsezo m'botolo, kosafika kumudzi, kosafika pansi, kongoyandama.

M'nyumba muno ndinkamva amayi anu akukambirana ndi bambo anu za sukulu yabwino ya mkaka, za mpingo, za ntchito ya masana. Za njerwa zanga sindinamvepo. Ndipo iwe ukamwetulira, unkamwetulira kuwala kwa pawindo lomweli, phiri la Dedza sunkalidziwa. Ndinayamba kudzifunsa kuti ndikautengera kumudzi, ndikuchitira iwe kapena ndikudzichitira ndekha? Mwana akulire kuno, mtima wake uli kumalo amene sanawaonepo, moyo wake wonse azingomva kukoka osadziwa chikumukoka? Koma mawu a mlongo wanga nawonso ankandilira m'khutu, ndipo ine ndinali ndisanawanamizepo chibadwire.

Tsiku lina masana, amayi ako atagona nawe, ndinavala majekete awiri, ndinatenga supuni yaikulu ya m'khitchini, n'kutsika. Ndinadziuza kuti sindikukakwirira kanthu, ndikungofuna kulonjerana ndi dothi lakuno. Kuseri kwa nyumbazi, kumene kuli mitengo ndi kamtsinje, ndinagwada n'kupala sinowo. Pamwamba pofewa. Pansi pake, mayo ine, mwala weniweni. Ndinakhoma, ndinakanikiza, supuni mpaka inapindika. Ndinaseka ndekha m'tchire la eni, ndinati basi, dothi lakana, mlandu si wanga, mchombo ukupita ku Dedza. Ndinabwerera wopepukidwa, supuni ndinaibisa kuseri kwa mapoto. Koma kupepukidwako sikunathe sabata.

Kuzizira kutatha, mitengo imene ndinkaiyesa yakufa inachita maluwa isanatulutse ndi masamba omwe. Tsiku la ulendo wanga linali litayandikira, sutikesi ili yasaa pakona. M'mawa wina ndikutsegula chitseko cha chipinda changa, ndinapeza pansi pali kakhasu kam'manja katsopano, kapepala ka kusitolo kakadali pampini. Pambali pake panali supuni yanga yopindika ija. Bambo anu anali pabalaza, atandifulatira, akusewera nawe.

"Takondwa," anatero, "uza ambuya ati ground yafewa manje. Ine siniziba vilivonse, sininaone vilivonse."

Sanandiuze kuti ndikwirire, sanandiuze kuti ndisakwirire. Atapita kuntchito ndinakhala pabedi nthawi yaitali, kakhasu kali pamiyendo. Kenaka ndinakubereka kumsana n'kutsika.

Pamalo pake sindikuuzani, ngakhale mundigulire chiyani. Limbani, usandiyang'ane choncho, wako sindinauone n'komwe. Unabadwa ine ndili kumudzi kudikira mapepala oti ndibwerere kuno kudzakhala nanu, ndipo ndikuganiza kuti unapita ndi galimoto ya zinyalala, n'chifukwa chake sukhazikika pampando. Ndingokuuzani kuti kakhasu kanalowa mosavuta. Dothi lake linali lakuda pamwamba, lofiirira pansi, muli ndi nyongolotsi zomwe. Ndinatapa pang'ono n'kununkhiza. Ana inu, linkanunkha ngati m'munda mwanga mvula yoyamba itagwa. Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni, chifukwa ndinkafuna linunkhe zachilendo kuti ndipeze pokanira.

Ndinamasula mfundo, ndinauika pansi, n'kulankhula ndi dothilo monga ankachitira amayi anga. Ndinati, "Ife ndife alendo, sitikudziwani, inunso simutidziwa. Koma mwanayu wabadwira pa inu. Musungeni, akagwa muzimulandira mofewa, akapita kutali muzimuitana." Ndinakwirira, ndinatsendera ndi chikhatho, ndinawazapo masamba ouma. Iwe kumsana unali m'tulo, ukundinyowetsa khosi ndi dovu.

Nditafika kumudzi anthu anadzaza pakhomo, kufuna kuona ngati ndayera. Agogo anu a Lufeyo anadikira mpaka onse atabalalika. Tinakhala pakhonde, iwo pampando wawo wandalema, ine pamkeka, njerwa zija zili poteropo.

"Za mmene mwayendera ndamva kale," anatero. "Nanga katundu wathu uja?"

"Achimwene, ndinakulonjezani, koma sindinabwere nawo. Ndaukwirira komweko, ndi manja angawa. Sanandikakamize munthu."

Ndinkadikira mkuntho, poti anali munthu waukali. Anangovula chipewa n'kuchiika pabondo, akuyang'ana kuphiri. Kenaka anati, "Ndiye kuti mbumba yasamuka." Mawa lake ndinawaona akuyenda mozungulira njerwa zija, akuzigogoda ndi ndodo, ndipo mwezi usanathe ndinawauza kuti azipereke kwa mwana wa mng'ono wathu amene ankafuna kumanga. Sitinakanganepo, koma mpaka tsiku limene anamwalira sanandifunsenso kuti Tiyanjane abwera liti, ndipo kusafunsako kunkandiwawa kuposa kukalipa.

M'nyengo yozizira ya kwathu, ndili m'munda, foni inalira. Anali bambo anu, ndipo chifukwa cha chisangalalo anaiwala kudzera mwa iwe. "Amai! Kauka! Kamachine kaja kauka, zuba yakafika, kakamba!" Aka kanali koyamba ine ndi iwo kulankhulana popanda mtumiki, ndipo tonse tinachita manyazi, tinatsanzikana msangamsanga. Kanalankhula kangapo, akuti, kenaka kanakhala chete mpaka lero. Kadakali komweko m'mphako mwake, kakuzungulira ndi nyenyezi yake, kupita kutali kumdima n'kubwereranso kudzuwa. Nthawi zina ndikamatsuka mbale ndimakaganizira, ndimati kaya fumbi lakakwirira tsopano.

Tsono ndikuuzeni chifukwa chake ndakukhazikani pansi lero, poti za kusukuluzo bambo anu akuuzani bwino kuposa ine. Amayi anu andiuza kuti nyumba ija ya ku Woodbridge yatheka, tisamuka sukulu ikatsekera. Ili ndi bwalo lakelake, akuti ndikalime mpiru ndi nyemba mmene ndingafunire. Anandifunsa mwanthabwala, koma maso awo sankaseka, kuti, "Amayi, nanga chija munakwirira chija, should we go get it?" Ndinati ayi. Dothi linalandira, sindingakalilande, ndipo pano chinasanduka kale dothi lomwelo, mwina chili m'mizu ya mtengo.

Ndiye iwe Takondwa, ndikuuziretu. Tsiku limenelo galimoto ikadzakhotera pamsewu waukulu, nyumbazi n'kubisika, udzamva kanthu kakukukoka apa, pansi pa nthiti. Udzayesa ndi anzako akusukulu, kapena chipinda chako, ndipo amayi ako adzati it's only an hour away. Usadzawatsutse, koma usadzachitenso manyazi kulira. Ndine ndinakumangirira pano, ndinachita dala, ndipo sindikupepesa. Ine mchombo wanga wa ku Dedza wakhala ukundikoka m'mawa uliwonse chifikireni kuno, ndipo sunandiphe, umangondikumbutsa kuti kwinakwake kuli dothi limene limandidziwa dzina. Udzakhale kumpando wakumbuyo pafupi ndi ine. Enawo azidzayang'ana kutsogolo kumene tikupita, ife awiri tizidzayang'ana kumbuyo.